Halcrow, injiniya amene adafuna kuweta mtsinje wa Shire

Mutafunsa anthu pa msika wa Dyeratu, Nchalo kapena Bangula ngati adamvapo za munthu wotchedwa William Halcrow, ambiri angakuuzeni kuti dzinali n'lachilendo kwa iwo.

Koma magetsi a ku Nkula, chotchinga madzi cha ku Liwonde, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira, zonsezi zidayamba kuganiziridwa pamodzi mu lipoti limodzi lomwe lidatuluka m'chaka cha 1954. Pachikuto pa lipotilo padali dzina la kampani ya mkuluyu.

Halcrow adali injiniya wa ku Britain yemwe adayamba ntchito ngati wothandizira anzake, akuponda matope ndi kuyang'anira konkire, mpaka adafika pokhala bwana wa mainjiniya ambirimbiri. Mbiri yake ikuonetsa zomwe katswiri amapindula komanso zomwe amataya akavula jombo za kuntchito n'kukhala pa mpando wa mu ofesi. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje adalawa mbali zonse ziwiri.

Mwana wa woyendetsa sitima

William Thomson Halcrow adabadwa pa 4 July 1883 mumzinda wa Sunderland, kumpoto chakum'mawa kwa England. Bambo ake adali woyendetsa sitima zapamadzi.

Sukulu adaphunzira ku George Watson's College mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo kenaka adalowa yunivesite ya mumzinda womwewo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adalembedwa ntchito ku kampani ya Patrick ndi Charles Meik, munthu ndi mbale wake, omwe adali akatswiri omanga madoko ndi njanji. Kampaniyi adaiyambitsa ndi bambo awo, Thomas Meik, m'chaka cha 1868.

Halcrow sadakhalitse mu ofesi. M'chaka cha 1905 adamutumiza ku Pozzuoli m'dziko la Italy kukagwira nawo ntchito yomanga pokochezera sitima pa nyanja. Atachoka uko adapita ku Kinlochleven, m'mapiri a ku Scotland, komwe ankamanga damu ndi nyumba yopukusira magetsi oyendetsera fakitale ya aluminiyamu.

Ntchito ya ku Kinlochleven idali ya kalavulagaga. Amuna zikwizikwi ankakumba ndi mapiki ndi mafosholo, m'chisanu ndi m'mvula. Injiniya wachinyamata pa malo otere amaphunzira zomwe sizipezeka m'kalasi: momwe thanthwe limasweka, momwe konkire amaonongekera nyengo ikaipa, ndi malire a zomwe munthu wotopa angachite pa tsiku limodzi.

M'chaka cha 1910 adasiya ntchito kwa a Meik n'kukalowa kampani yomanga ya Topham, Jones and Railton, yomwe idamutumiza ku Singapore kukamanga doko lalikulu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, adabwerera kwawo kukagwira ntchito yoteteza sitima zankhondo za Britain ku Scapa Flow kuti sitima za adani zoyenda pansi pa madzi zisalowe.

Nkhondo itatha adabwerera kum'mawa komwe adagwira nawo ntchito yomanga msewu wodutsa pa nyanja wolumikiza Singapore ndi Johor. Msewuwu, wotalika kupitirira pang'ono kilomita imodzi, ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Tikawerenga bwino, Halcrow adatha pafupifupi zaka 20 ali pa malo antchito asadakhale bwana wa kampani. Adagwirapo mbali ya ojambula mapulani komanso mbali ya omanga, choncho ankadziwa madandaulo a onse awiri.

Mpando wa ubwana

M'chaka cha 1921 a Charles Meik adamuitana kuti abwerere ku London, ulendo uno osati ngati wolembedwa ntchito koma ngati mmodzi mwa eni kampani. Patangotha zaka ziwiri, mu 1923, a Meik adamwalira. Halcrow, ali ndi zaka 40, adapezeka atasenza ntchito yaikulu kwambiri yomwe kampaniyo idali nayo.

Ntchitoyo idali ya ku Lochaber. Ankafuna kutenga madzi a m'nyanja ya Loch Treig n'kuwadutsitsa pansi pa mapiri a Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, mpaka kukafika ku fakitale ya aluminiyamu ku Fort William.

Ngalande ya pansi pa phiriyo idali yotalika makilomita 24, pafupifupi theka la ulendo wochokera ku Blantyre kukafika pa boma la Chikwawa. Kwa zaka zambiri padalibe ngalande ina yamadzi yotere yoiposa kutalika pa dziko lonse. Fakitale idayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 1929.

Apa ndi pomwe ntchito ya Halcrow idasintha nkhope. Munthu mmodzi sangayang'anire yekha ngalande ya makilomita 24 yomwe ikukumbidwa malo angapo nthawi imodzi. Zida zake tsopano zidali anthu, ndalama ndi cholembera.

Udindo wa mwini kampani yotere ndi kusaka ntchito, kukhutiritsa eni ndalama, kusankha injiniya woti akakhale pa malo antchito, ndi kusainira mapulani omwe ajambula ena. Zinthu zikayenda bwino, ulemu umapita kwa iye. Zikalakwika, chala chimalozanso iye ngakhale sadagwire fosholo. Paja akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nkhondo idamutchukitsa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, boma la Britain lidatsamira kwambiri pa luso la mkuluyu ndi anyamata ake.

Kampani yake idathandiza kukonza malo obisalamo anthu pansi penipeni pa mzinda wa London pothawa mabomba. Malo asanu ndi atatu otere adamangidwa, ndipo aliwonse adakonzedwa kuti musungidwe anthu pafupifupi 8,000. Amodzi mwa malowa, a ku Goodge Street, adagwiritsidwa ntchito ndi likulu la mkulu wa asilikali wa ku America, Dwight Eisenhower.

Halcrow adaperekanso upangiri kwa Barnes Wallis, katswiri yemwe adapanga bomba lodumphadumpha pa madzi lomwe lidagumula madamu a Möhne ndi Eder ku Germany mu May 1943. Munthu wodziwa kumanga damu ndiye amadziwanso pomwe damu lili lofooka.

Kampaniyi idatenganso gawo pokonza madoko oyandama otchedwa Mulberry, omwe adakokedwa pa nyanja kupita ku Normandy m'dziko la France mu June 1944.

Chaka chomwecho mfumu ya ku Britain idamupatsa ulemu wa Sir, ndipo kampani idayamba kutchedwa Sir William Halcrow and Partners. Mu 1946 adasankhidwa kukhala pulezidenti wa Institution of Civil Engineers, bungwe lalikulu la mainjiniya a zomangamanga ku Britain.

Nkhondo itatha, maiko omwe ankalamulidwa ndi Britain akafuna kumanga damu ankathamangira kwa iye. Mu 1951 kampani yake idatulutsa lipoti la mtsinje wa Volta ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana. Ndipo nthawi yomweyo boma la Nyasaland nalo lidali ndi mtsinje wake womwe unkalisowetsa tulo.

Mtsinje wosamva kamodzi

Mtsinje wa Shire ndi khomo lokhalo lomwe madzi a m'nyanja ya Malawi amatulukira. Umayenda makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi. Pakati pa Matope ndi Kapichira umatsika mamita oposa 300 kudzera m'mathithi, kenaka umafika m'chigwa chotentha ndi chathyathyathya cha Chikwawa ndi Nsanje, boma lomwe nthawi ya atsamunda linkatchedwa Port Herald.

Vuto la mtsinjewu ndi loti umatsata nyanja. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idaphwa kwambiri moti madzi adasiya kutuluka, ndipo mchenga ndi udzu zidatseka njira. M'zaka zimenezo madambo a kumunsi adauma, anthu adalimamo ndi kumangamo midzi, ndipo ulimi wa thonje udakula.

Koma madzi saiwala khwawa. Nyanja itadzadzanso, Shire adabwerera mwamphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Dambo la Elephant Marsh, lomwe eni dera amalitcha Dabanyi, komanso la Ndindi ku Nsanje, adakula n'kumeza minda yambiri. Mabanja adasamukira kumtunda ndipo thonje lidalowa pansi.

Mu 1948 madzi adakokolola mlatho wa njanji pa Chiromo, n'kudula njira yomwe katundu wa dziko lino ankadzera popita ku doko la Beira. Chaka chotsatira, mu 1949, kudagwa njala yoopsa kaamba ka chilala.

Bwanamkubwa wa nthawiyo, Sir Geoffrey Colby, yemwe adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, adaona kuti dziko silingatukuke ngati mtsinjewu uzingochita zofuna zake. Ntchito yofufuza chochita idaperekedwa ku kampani ya Halcrow.

Lipoti la 1954

Akatswiri a kampaniyi adatha zaka zingapo akuyeza nyanja, mtsinje, nthaka ndi madambo. Pomwe lipoti lawo la Shire Valley Project linkatuluka mu 1954, Halcrow n'kuti atapitirira zaka 70. Kuyenda m'bango ndi kulumidwa ndi udzudzu idali ntchito ya achinyamata. Gawo la bwana lidali kupereka dzina lomwe maboma ndi eni ndalama ankalikhulupirira.

Ganizo la lipotili lidali losavuta kumva. Nyanja ya Malawi isanduke nkhokwe ya madzi. Pamangidwe chotchinga kumtunda kwa mtsinje, cha ku Liwonde ndi Matope, kuti madzi azituluka mwa muyeso chaka chonse.

Madzi akamayenda mwa muyeso, mathithi a pakati pa mtsinje angapukuse magetsi osadukiza. Magetsiwo angayendetse mafakitale, kuphatikizapo yoyenga miyala ya aluminiyamu ya m'phiri la Mulanje. Kumunsi nako madambo angaphwetsedwe n'kusanduka minda yothirira.

Munthu akayang'ana bwino angaone chithunzi cha Lochaber m'mapulaniwa: nyanja kumtunda, madzi otsika, magetsi ndi aluminiyamu. Kusiyana kwake kudali koti m'chigwa cha Shire munkakhala anthu ochuluka omwe moyo wawo udali womangika pa kusefukira ndi kuphwa kwa mtsinje.

Mtengo wa ntchito yonse udayerekezedwa kukhala mapaundi 78 miliyoni, ndalama yoposa kutalitali zomwe boma la Nyasaland likadakwanitsa palokha.

Chotchinga cha dothi ku Liwonde

Poyambira, mu 1956 boma lidaunjika dothi kudula mtsinje pa Liwonde. Cholinga chidali kuchepetsa madzi kumunsi kuti akatswiri athe kufufuza ndi kukonzekera ntchito yeniyeni.

Pa pepala zidali zomveka. Koma kwa mlimi wa m'dimba ku Makhanga kapena msodzi wa mu Dabanyi, kalendala ndi madzi. Mlimi amadikira madzi aphwe kuti abzale chimanga, mbatata ndi nyemba pa chinyontho chotsalira. Msodzi amadziwa nthawi yomwe nsomba zimalowa m'dambo kukaswana. Chotchinga chidasokoneza kawerengedwe konseka.

Mtsinje utatsekedwa, kumunsi kudatsala madzi a mitsinje ing'onoing'ono monga Lisungwe, Mkulumadzi, Mwanza ndi Ruo, pomwe kumtunda madzi adakwera. Mu 1957 chotchingacho chidagumulidwa ndipo madzi adabwerera m'malo omwe adali atauma.

Nthawi yake idalinso yoipa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidali chitakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda asakufuna. M'midzi anthu adali atatopa ndi malamulo a malimidwe omwe ankawakakamiza kulima mizere, ndipo ku chigwa cha Shire lamuloli lidakanidwa kwambiri. Anthu adalibe chifukwa chokhulupirira kuti malo ophwetsedwawo adzakhala awo.

Mawu a eni nthaka m'boma adali ochepa. Mu 1956 ndi pomwe anthu akuda asanu, kuphatikizapo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adasankhidwa koyamba kulowa m'nyumba ya malamulo. Apa n'kuti lipoti litatuluka kale zaka ziwiri m'mbuyomo.

Kariba idameza ndalama

Chomwe chidamaliza mapulani akuluwa ndi ndalama. Nkhani za magetsi ndi ngongole zikuluzikulu zidali m'manja mwa boma la chitaganya ku Salisbury, mzinda womwe lero ndi Harare. Mu 1955 bomalo lidasankha kumanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi kuti lipereke magetsi ku migodi ya kopa ndi mafakitale a ku Rhodesia.

Chodabwitsa n'choti Halcrow yemweyo adali mmodzi mwa akatswiri anayi omwe mu 1951 adalemba lipoti loyamikira malo a Kariba. Upangiri wake kumeneko udathandiza ntchito yomwe pambuyo pake idaphimba ntchito yake ina ya ku Shire.

Kariba idamalizidwa mu 1959, ndipo anthu a mtundu wa Chitonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'midzi yawo. Nyasaland idatsala ndi lipoti m'kabati.

Halcrow sadaone mathero a zonsezi. Adamwalira pa 31 October 1958 ku Folkestone m'chigawo cha Kent, ali ndi zaka 75.

Maloto adabwera pang'onopang'ono

Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, boma lidayamba kutola zidutswa za mapulani aja, chimodzichimodzi monga momwe thumba lidalolera.

Mu 1965 chotchinga chenicheni, Kamuzu Barrage, chidamangidwa pa Liwonde. Mu 1966 makina a Nkula A adayamba kupukusa magetsi okwana mamegawati 24. Tedzani idatsatira mu 1973, Nkula B mu 1980, ndipo Kapichira, m'boma la Chikwawa, idayamba mu 2000. Mpaka lero gawo lalikulu la magetsi a dziko lino likuchokera pa mtsinje umodziwu.

Ku Nchalo, kampani ya Lonrho idatsegula minda ya nzimbe ya Sucoma ndipo shuga woyamba adatuluka mu 1966. Kampani ya Illovo idagula mindayi mu 1997.

Mu 2020 boma lidakhazikitsa ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, mothandizidwa ndi World Bank komanso African Development Bank. Cholinga chake ndi kutenga madzi pa Kapichira kudzera m'ngalande yolowera ku Bangula kuti athirire mahekitala oposa 43,000. Mwa zina, ntchitoyi idakonzedwa kuti alimi akhale ndi mapepala a malo awo n'kumalima m'magulu, funso lomwe m'zaka za m'ma 1950 lidalibe yankho.

Koma mbali imodzi ya lipoti la Halcrow dziko lidaikana. Dambo la Elephant Marsh, lomwe linkaoneka ngati malo ongotayika ofunika kuphwetsa, mu 2017 lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar ngati dambo lofunika pa dziko lonse. Lero akatswiri amavomereza kuti dambolo limasunga nsomba ndi mbalame, limadyetsa ziweto, komanso limamwa madzi osefukira omwe akadapita m'midzi.

Shire naye sadawetedwe. Madzi osefukira a mu January 2015 adasiya anthu ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje opanda pokhala. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 kudabweranso namondwe wa Freddy. Chotchinga cha ku Liwonde chimalamulira madzi ochokera m'nyanja okha. Sichingaletse Ruo kapena Mwanza mvula ikagwa yambiri m'mapiri omwe mitengo yake idatha.

Kampani ya Halcrow idakhalabe ndi dzina lake kwa zaka zambiri mwini wake atamwalira. Mu 2011 idagulidwa ndi kampani ya ku America ya CH2M Hill, yomwe nayo idagulidwa ndi Jacobs mu 2017.

Kwa mainjiniya athu

Chaka ndi chaka achinyamata amatuluka ku Mubas, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, n'kukayamba ntchito ku Egenco, Escom, Illovo, mabungwe a madzi ndi makampani omanga misewu. Amene wachita bwino pa makina kapena pa konkire, posakhalitsa amapatsidwa ofesi, galimoto ndi anthu oti aziwayang'anira.

Kukwezedwa kotere sikulakwika. Halcrow akadakana mpando mu 1921, akadamanga doko limodzi kapena awiri n'kupuma. Chifukwa adavomera, nzeru zake zidafika ku Scotland, Ghana, Zambezi ndi Shire. Ndipo maboma ankamumvera chifukwa ankadziwa kuti asadakhale pa mpandowo adatha zaka 20 m'matope.

Koma ntchito ya ubwana ndi ntchito ina, yofuna kuiphunzira mwatsopano. Masamu a lipoti la 1954 pa za nyanja ndi mathithi adali olondola kwambiri moti dziko lakhala likumanga potsata ganizo lomwelo kwa zaka zoposa 60. Chomwe chidagwetsa mapulaniwo ndi zinthu zomwe sizipimidwa ndi chida cha injiniya: mwini ndalama akufuna chiyani, ndale zikulowera kuti, nanga mwini munda wavomera kapena ayi.

Munthu akamakwera, siginecha yake imafika kutali pomwe maso ake amaona pafupi. Amayamba kudziwa mtsinje kudzera m'malipoti a ena. Mankhwala ake ndi kusankha bwino anthu owatuma, kuwalola kunena zoona ngakhale zili zowawa, ndi kupeza nthawi yotsika Thabwa kukamva kwa mafumu, alimi ndi asodzi omwe adzagone m'mbali mwa ngalandeyo ntchito ikadzatha.

Ngalande ya ku Kapichira ikuyendetsedwa ndi m'badwo wina, ndipo ambiri mwa okhala pa mipando ndi Amalawi. Mwayi womwe ali nawo, umene mkulu wa ku London uja adalibe, ndi woti anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi abale awo, amamva chilankhulo chawo, ndipo kuchokera ku Blantyre kukafika ku Chikwawa ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi lokha.